Makina owotcherera a 200A pa soketi ya m'nyumba: mmene ndawaonera kuno ku Joni

Achimwene ena a ku Turffontein andifunsa ngati agule makina a inverter onga angawa, olembedwa 200A, kuti azingolumikiza pa soketi ya m'chipinda. Ndiwayankhire pompano poti ndakhala nawo nthawi ndithu.

Ndi opepuka, ndimawakoleka paphewa n'kukwera nawo taxi. Moto sachedwa kugwira, ndipo mayunitsi sadya monga ndinkaopera.

Chondisowetsa mtendere chinali breaker, ka switchi kodula magetsi akamakokedwa mopyola muyeso. Ndi malodi (ndodo zowotcherera) a 2.5 mm, moto uli pa 80A kapena 90A, ma burglar bar ndimapanga tsiku lonse bwinobwino. Koma ndikaika lodi ya 3.2 mm pa chitsulo chokhuthala cha geti, moto n'kupitirira 130A, sipankatenga nthawi magetsi thimu! Zipinda zonse zakuseri kwathu ku Rosettenville zili pa breaker imodzi ya 20A, ndiye wina akangoyatsa ketulo basi zatha. Aneba ankayamba atukwana City Power, kampani ya magetsi ya kuno, kenako n'kuzindikira kuti load shedding yake ndine.

Masamu ake ndi awa, achimwene. Soketi ya kuno ndi ya 16A pa 230V, kutanthauza mawati 3,680. Kuwotcherera pa 200A kumafuna mawati pafupifupi 5,600 pa lodi pokha, osawerengera omwe amatayika ngati kutentha m'makinamo. 200 imeneyo ilipo, koma pakhoma la chipinda simungaipeze. Ena anati ndingoika breaker yaikulu. Ayi ndithu. Waya wa masoketi ndi wa 2.5 mm², ndipo breaker ija ilipo kuti wayayo asapse m'denga anthu ali mtulo. Nayo extension yopyapyala, makamaka ikakhala yokulungidwa, imatentha mpaka kununkha.

Mayi landilodi atatopa nane, tinagwirizana kuitana wamagetsi wovomerezeka. Anakoka waya wakewake wa 6 mm² kuchokera pa DB, bokosi logawa magetsi m'nyumba, n'kuika breaker ya 32A ndi soketi yabuluu ya makina okoka magetsi ambiri, n'kupereka CoC, satifiketi yoti mawaya aikidwa mwalamulo. Chichokereni apo breaker sinagwenso. Koma ndalama yake inatsala pang'ono kufanana ndi mtengo wa makinawo, ndipo ndikadzasamuka wayayo ndidzamusiya pomwepo.

Geti ikatuluka yosalala, kasitomala n'kulipira, ndimawakonda makinawa. Koma ndikakumbukira amene anandigulitsa makinawa mtima umawawa. Pogula anati paliponse pali soketi agwira ntchito. Fani itayamba kulira ngati chigayo ndinabwerera nawo, iye n'kuona kuti pulagi ndinasintha kuti ilowe pa soketi yabuluu. Akuti waranti inathera pomwepo. Ndinamulozera pa makina pomwe fakitale inalemba kuti amakoka ma amp oposa a pulagi imene anabwera nayo, koma anangoti agulitse fani yatsopano.

Ngati ntchito yanu ndi mawindo ndi zitseko, gulani, ndalama ibwerera. Ngati ndi mageti, yambani mwafunsa wamagetsi mtengo wake, ndipo za pulagi ndi waranti wogulitsa akulembereni pa lisiti. Fani ndinakagula kwina.