Anyamata a pa Malangalanga amene anandipangira tsamba langalanga

Pamwamba pa sitolo ina ya zitsulo mumsewu wa Malangalanga, ku Old Town mumzinda wa Lilongwe, pali kaofesi ka anyamata awiri amene amapangira anthu mawebusayiti. Ine ndi mphunzitsi, ndipo ndimalembera ana a sitandade 4 nthano. Pa Facebook nthanozo zinkamira. Ukaika lero, mawa zakwiririka ndi zithunzi za maukwati, moti mphunzitsi mnzako wa ku Dedza akaifuna mwezi wamawa saipeza.

N'chifukwa chake ndinawapempha anyamatawa kuti andipangire tsamba langa, ndipo ntchito anaigwira bwino. Amagwiritsa ntchito WordPress, pulogalamu yaulere imene Matt Mullenweg ndi Mike Little anayambitsa mu 2003, ndiye chimene umalipira chaka ndi chaka ndi dzina la tsamba ndi malo osungirako zolemba. Amalandira makwacha pa Airtel Money kapena Mpamba, zomwe zimatithandiza ambirife amene tilibe khadi yogulira zinthu kunja. Iwowo amalipira madola, choncho kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mtengo unakwera, ndipo sanabise chifukwa chake.

Koma chimene ndimawayamikira nacho kwambiri ndi Loweruka. Loweruka loyamba la mwezi amasuntha matebulo n'kuitana aliyense amene ali ndi tsamba lake, kaya anamupangira ndi iwo kaya ayi. Palibe cholipira kupatula kusonkha ya tiyi ndi mandasi. Palibenso wokhala kutsogolo. Pakhoma amamata pepala, aliyense n'kulembapo chimene akufuna kufunsa kapena kuonetsa anzake. Anandiuza kuti kachitidweka anatengera ku misonkhano ya BarCamp, imene inayamba mu 2005 ku California, kumene obwera ndi amene amakonza ndondomeko ya tsikulo.

Pamabwera bambo wina wa ku Mitundu amene amalemba mitengo ya soya ndi mtedza sabata iliyonse. Iyeyo ndi amene anandiphunzitsa kuchepetsa zithunzi. Anatenga foni yanga yomwe, anatsegula nthano ya kalulu, tonse tikuyang'ana chithunzi chikutsika pang'onopang'ono, makutu kaye, kenako maso. "Madamu," anatero, "kholo la ku Area 25 silingadikire mpaka mchira, bandulo imathera pomwepa." Anachichepetsa ndili pomwepo, ndipo chinatseguka nthawi yomweyo.

Palinso madala ena aimvi amene anayamba kulemba pa Blogger, malo a pa intaneti otsegulapo tsamba lako, Google itangoigula mu 2003. Amatikambira za nthawi imene ankalemba kaye nkhani m'kope kunyumba, chifukwa ku kafe ya intaneti ankalipira pa mphindi. Ndi iwo amene anandikumbutsa mmene William Kamkwamba wa ku Wimbe anadziwikira. Daily Times inalemba za makina ake a mphepo kumapeto kwa 2006, anthu olemba pa masamba awoawo anaifalitsa nkhaniyo, inafika kwa Emeka Okafor, amene ankakonza ndondomeko ya msonkhano waukulu wa TEDGlobal, ndipo mu 2007 Kamkwamba analankhula ku msonkhanowo ku Arusha, ku Tanzania. Ndikamva zimenezi mtima umandigunda, chifukwa amene ananyamula nkhaniyo anali anthu wamba onga ife okhala m'chipinda chija.

Madandaulo ndili nawo, ndipo loyamba ndi lalikulu. Dzina la tsamba langa analilembetsa m'dzina la ofesi yawo. Zili ngati kumanga nyumba pa puloti imene mapepala ake ali ndi wina. Atatseka ofesi kapena titasemphana mawu, zolemba zanga zonse zikanakhala m'manja mwawo. Amene anandichenjeza ndi madala aja. Nditafunsa, anyamatawo anasintha popanda kukangana, koma sanayenera kudikira kuti ndifunse. Inu mukapita, nenani tsiku loyamba lomwelo kuti dzina lilembetsedwe m'dzina lanu ndi imelo yanu, ndipo akupatseni mapasiwedi onse. Ngati mukufuna dzina lothera ndi .mw, limenelo limayendetsedwa ndi bungwe la Malawi SDNP (Sustainable Development Network Programme) konkuno, ndipo anyamatawa amathandiza kulembetsa.

China n'chakuti amaphunzitsira pa laputopu pamene ambiri timalembera pa foni. Zimene ukuona pagalasi lalikulu ukafika kunyumba suzipeza pamalo omwewo. Magetsi akazima, intaneti ya muofesimo imazima nawo, anthu n'kuyamba kubwerekana bandulo. Masitepe okwerera ndi otsetsereka kwambiri, ndipo mayi wina woyendera ndodo anasiya kubwera. Zimenezi zimandipweteka, chifukwa ndakatulo zake zinali zabwino kuposa za tonsefe.

Loweruka likubwerali ndalemba kale papepala lija kuti tikambirane zopeza chipinda cha pansi. Bambo wa ku Mitundu uja wati alankhula ndi akuluakulu a tchalitchi china ku Area 3.