Thanzi ORS m'nyengo ya m'mawa wozizira ndi masana otentha

Kuno ku Mangochi mwezi wa Sepitembala umanyenga. M'mamawa kumazizira moti mwana amafunika juzi, koma dzuwa likafika paliwombo mchenga wa kunyanja umawotcha mapazi. M'nyengo yotereyi ndi mmene mwana wanga wa chaka chimodzi ndi miyezi iwiri anatsegula m'mimba, ndipo ndikufuna kufotokoza mmene Thanzi ORS, ufa wa mchere ndi shuga wosungunula m'madzi, anatithandizira, komanso pamene mphamvu yake imalekezera.

Ndikukhulupirira kuti gwero lake linali phala. Ndinaphika kukuzizira, ndinasiya lotsala mu poto poganiza kuti silingawonongeke, ndipo mlezi anamudyetsa masana osalitenthetsanso, litakhala maola ambiri m'khitchini ya malata. Tizilombo toyambitsa matenda timaswana msanga m'chakudya chofunda, pomwe kuzizira kwa m'mawa kumatichititsa makolo kutayirira. Masana omwewo ludzu limamukakamiza mwana kumwa madzi alionse amene wawapeza, ngakhale a m'ndowa yosavundikira. Kafukufuku wa ku Brisbane m'dziko la Australia, amene anasindikizidwa mu 2013, anapeza kuti ana otsegula m'mimba amachuluka kuchipatala pamene kutentha kwa masana kwasiyana kwambiri ndi kuzizira kwa usiku, ndipo zimenezi sizinandidabwitse nditaona za m'nyumba mwanga.

Kakonzedwe ka Thanzi n'kosavuta. Paketi imodzi imasungunulidwa mu lita imodzi ya madzi aukhondo, ndipo ine ndinayeza ndi botolo la 500 ml kawiri, madziwo nditawawiritsa ndi kuwaziziritsa ngakhale anali a pamjigo. Mwana wosakwana zaka 2 amapatsidwa 50 ml mpaka 100 ml nthawi iliyonse akachita chimbudzi. Wangayu anakana kapu, anasanza kamodzi, choncho ndinadikira mphindi 10 ndi kuyambiranso ndi supuni, pang'onopang'ono, uku ndikumuyamwitsa. Pofika madzulo milomo inasiya kuuma, anayamba kukodza, ndipo liwombo limene linali litalowa linabwerera m'malo mwake. Liwombolo lisanabwerere, apongozi anga anafuna kumumata mankhwala pamutu. Ndinawayankha mwaulemu kuti, "Amayi, liwombo lalowa chifukwa madzi atha m'thupi, tiyeni timumwetse kaye," ndipo iwo ndiwo anagwira supuni usiku wonse.

Pali zinthu ziwiri zimene wogula ayenera kudziwa. Madzi a Thanzi akatha maola 24 amatayidwa, ndipo ndi kutentha kwa kuno ine ndimawasunga m'chigubu chotseka, pamthunzi, n'kukonza ena m'mawa uliwonse ngakhale otsala alipo, chifukwa madzi a shuga ogonera ndi ofanana ndi phala lija. Chachiwiri ndi chimene chinandipweteka mtima: Thanzi amabwezeretsa madzi ndi mchere m'thupi, koma saletsa kutsegula m'mimba. Amafunika kuyendera limodzi ndi mapiritsi a zinki, amene mwana wopitirira miyezi 6 amamwa 20 mg tsiku lililonse kwa masiku 10 mpaka 14. Pagolosale pamene ndinagula panalibe zinkiyo, wogulitsa sanaitchule n'komwe, ndipo ndinaipeza tsiku lachiwiri kwa mlangizi wa zaumoyo. Mlangiziyo anayang'ananso m'buku la kusikelo ngati mwana analandira katemera wa rota, woteteza ku kachilombo kena koyambitsa kutsegula m'mimba, amene anayamba kuperekedwa m'Malawi mu 2012, ndipo anandichenjeza kuti ndikaona magazi m'chimbudzi, kapena mwana akalefuka mpaka kulephera kuyamwa, ndithamangire kuchipatala osadalira Thanzi.

Ife amene tinaona mmene kolera inavutitsira boma lino mu 2022 ndi 2023 sitizengereza ndi matenda a m'mimba. Panopa ndimasunga mapaketi awiri m'chitini chimodzi ndi buku la kusikelo, pansi pa bedi pamene kutentha kwa malata sikufika, ndipo phala la m'mawa likatsala ndimapatsa nkhuku.