Premiere ya pa YouTube: yabwino kwa woyimba amene wakonzeka

Premiere ndi njira yotulutsira vidiyo ya nyimbo pa YouTube mwakuti anthu onse aionere limodzi pa nthawi imodzi, akucheza pambali pake. Salipiritsa. Umaika vidiyo, kusankha tsiku ndi ola, ndipo tsamba lake limaoneka nthawi yomweyo kuti ulimwaze pa WhatsApp ndi Facebook. Amene wadina belu lokumbutsa amalandira uthenga kutatsala mphindi 30, kenako wina ikamayamba. Tchanelo chikakhala ndi olembetsa oposa 1,000, YouTube imalolanso kuikapo kachidutswa kokopa anthu, ka masekondi 15 mpaka mphindi 3.

Ubwino wake ndi woonekeratu: anthu amasonkhana pa ola limodzi, ndemanga zimayamba kugwa nyimbo isanathe. Koma ngati woyimba sanalengeze mokwanira, chiwerengero cha oonera chimaonekera poyera, ndipo anthu asanu okha pa Premiere amafooketsa ngakhale amene anabwera ndi chidwi. Woyimba amene akungoyamba kumene angachite bwino kungoitulutsa vidiyoyo mwa nthawi zonse.

Chimene chimapweteka ambiri ndi ichi: vidiyo ikaikidwa, fayilo yake sisinthidwa. Mutu, kufotokoza ndi chithunzi chapamwamba ungakonze, koma liwu lolembedwa molakwika mkati mwa vidiyo likhala momwemo. Ukaichotsa kuti uikenso yokonzedwa, ma views onse, ndemanga ndi link yakale zimapita. Choncho iike kaye ngati Unlisted (yoonedwa ndi okhawo amene ali ndi link) kapena Private (yobisika kwa anthu ena), uionere yonse pa foni, osati pa laputopu ya mu situdiyo yokha. Komanso uiike maola angapo nthawi ya Premiere isanakwane, chifukwa YouTube imayamba yakonza yosaoneka bwino kenako HD, ndipo netiweki ikadula pakati ntchito imachedwa. Vidiyo ya 1080p (mlingo wa HD) pa 8 Mbps (kuchuluka kwa data pa sekondi) ndi yokwanira. Mawu usawakweze mopyola muyeso pochita mastering (kukonza komaliza kwa mawu a nyimbo): YouTube imatsitsa nyimbo zophokosera kufika pafupifupi -14 LUFS (muyeso wa kukwera kwa mawu), ndiye chimene watsala nacho ndi nyimbo yofinyika basi.

Pa ma lyric video, mavidiyo oonetsa mawu a nyimbo olembedwa, ndi pomwe pamafunika maso. Anthu ambiri kuno amaonera pa foni, pa mlingo wotsika wa 360p kapena kutsikirapo, posunga bandulo ya Airtel kapena TNM. Zilembo zopyapyala zokhotakhota zimasungunuka pa mlingo umenewo, makamaka kumbuyo kukakhala utsi kapena timagetsi tothwanima. Sankha zilembo zonenepa, mizere iwiri pa nthawi, ndipo mzere uzioneka pang'ono woyimba asanautchule. Yesanso font yako (mtundu wa zilembo) ndi chilembo cha ŵ, poti ma font ambiri okongola alibe, amangoika kabokosi. Kachizindikiro ka mu ng' kasasowe: ng'oma ndi ngoma ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mawu onse a nyimboyo uwalembenso m'munsi mofotokozeramo, momwe mumalowa zilembo 5,000, kuti wongokumbukira kolasi akasaka aipeze.

Za ma views, YouTube siseka. Imachotsa ochokera ku makina, n'chifukwa chake chiwerengero nthawi zina chimaima kapena kutsika. Kugula ma views ndi kutaya ndalama ndipo kungatsekeretse tchanelo. Kuyambira mu 2019, ma views ochokera ku malonda olipira sawerengedwanso pa ma chart a nyimbo ndi pa mbiri ya maola 24 oyamba, ija anaiswa a BTS, gulu loimba la ku South Korea, mu May 2021 ndi ma views 108.2 miliyoni. Chofunika kuyang'ana mu YouTube Studio, tsamba loyendetsera tchanelo chako, ndi mzere woonetsa pomwe anthu akusiyira kuonera. Ukagwa m'masekondi 30 oyamba, kawirikawiri vuto ndi ma logo a situdiyo ndi maina a othandiza amene adzadza koyambirira. Amenewo apite kumapeto, nyimbo iyambe msanga.