Timphasa ta patebulo ta ana: kamodzi n'kothandiza, tinato tangodzaza kabati

Pakhomo pano tili ndi timphasa ta patebulo ta mitundu itatu, ta pulasitiki, ta mlaza ndi ka silikoni, chinthu chofewa ngati labala. Ngati muli ndi mwana amene wangoyamba kumene kudzidyetsa yekha, gulani kamodzi kokha, ka silikoni kokhala ndi mbale yake pomwepo. Tinato tili ndi ntchito zina, koma osati pamaso pa mwana wa chaka chimodzi. Ndipo ngakhale ka silikoniko kali ndi nyengo yake, yomwe si yaitali monga amanenera ogulitsa.

Ana anga ndi awiri, mtsikana wa zaka zinayi ndi mnyamata amene wangopitirira chaka. Timakhala ku Zingwangwa, ndipo tebulo lathu ndi la mlombwa, lomwe bambo anga anakhometsa ine ndisanabadwe. Tebulo limeneli ndi limene linandichititsa kugula timphasa. Msuzi wa matimati ukagona pa vanishi umasiya banga, ndipo bakuli lotentha la nsima limasiya mkombero woyera umene kansalu sikaufufuta ngakhale mutapukuta mpaka mkono kuwawa.

Ta pulasitiki ndinatigula mu shopu ina ku Limbe. Mumatidziwa, timagulitsidwa tinayi kapena tisanu ndi kamodzi m'pepala limodzi, tojambulidwa zipatso, zilembo kapena nyama zakutchire. N'totchipa ndithu, ndipo kupukuta pamwamba pake sikuvuta. Vuto lili pansi. Mwana akataya madzi kapena msuzi, zimayenderera mpaka m'mphepete n'kulowa kunsi kwa kamphasako, ndiye inu mumapukuta pamwamba n'kumaganiza kuti mwathana nazo, pamene kunsi thabwa likumwa msuzi usiku wonse. Chinthu chogulira kuteteza tebulo chimasanduka chobisa zimene zikuliwononga. Komanso n'toterera. Mnyamata wanga akangogwira m'mphepete, kamphasa, mbale ndi kapu zonse zimabwera pamiyendo pake. Apa ndiye pofunika kusamala kwenikweni: pakamphasa kamene mwana angathe kukoka musaikepo tiyi, phala lochoka kumene pamoto kapena mbale ya msuzi wotentha. Patapita miyezi ingapo m'mphepete munayamba kupindika, kachikopa kokhala ndi zithunziko kanayamba kusendeka, ndipo tizala ta mwana sitichedwa kupeza poyambira kusenda. Zosendazo zimathera m'kamwa.

Pakati pa timeneti panali kamodzi kojambulidwa malo a mbale pakati, foloko kumanzere, mpeni ndi supuni kumanja, kapu cha kumtunda. Nzeru imeneyi inachokera ku masukulu otsatira njira ya Maria Montessori, dokotala wa ku Italy amene anatsegula sukulu yake yoyamba ya ana aang'ono ku Rome mu 1907. Cholinga chake n'chakuti mwana azitha kudzikonzera yekha malo odyera mosadikira wamkulu. Ganizolo ndilibe nalo vuto. Koma amene anajambula kamphasako sankaganiza za nsima. Palibe malo a mbale ya ndiwo, palibe poika jagi ndi beseni losambira m'manja, ndipo ife mpeni patebulo timauona pokhapokha pakhale papaya. Mtsikana wanga anakakonda kwambiri, moti anayamba kukana kudya pokhapokha malo onse ojambulidwawo atadzazidwa. Madzulo ena anakakamira kudya nsima ya therere ndi foloko. Apongozi anga, amene anali atabwera kudzacheza kuchokera ku Ntcheu, anamuyang'ana nthawi yaitali therere likutsetsereka pakati pa mano a foloko, kenako n'kutembenukira kwa ine.

“Amake mwana, kodi ameneyu mukumukonzekeretsa ulendo wa ku Mangalande?”

Tinaseka mpaka misozi, mwini wake yekha ndiye anakwiya. Kamphasako tsopano amasewera nako masanje kuseri kwa nyumba.

Ta mlaza ndinatigula kwa amayi ena panjira ya ku Mangochi, ndipo pa mitundu yonse itatu n'timene timasangalatsa maso. N'tolukidwa mothinana, tozungulira, tina tonyikidwa mu utoto wofiira ndi wobiriwira. Poika bakuli lotentha kapena poto palibe kuposa timeneti, ndipo ndalama yanu imapita m'manja mwa munthu amene waluka. Koma musatiyandikize kwa mwana. Phala la nsinjiro likalowa m'mipata ya zolukazo silituluka ngakhale ndi burashi, nthawi ya mvula timachita chuku, ndipo nyerere ndi mphemvu zimadziwa msanga kumene mwatisunga.

Ka silikoni kanachokera kwa achemwali anga amene amagwira ntchito ku Johannesburg, anakatumiza pa basi pamodzi ndi katundu wina. Kuno ndakaona m'mashopu a zinthu za ana komanso kwa amene amagulitsa malonda pa Facebook ndi WhatsApp. Mtengo wake si wamasewera, makamaka chichokereni November 2023 pamene kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti ndipo chilichonse chochokera kunja chinakwera. Mukafunsa mtengo muyambe mwakhala pansi.

Kapangidwe kake n'kosavuta. Kamphasa ndi mbale ndi chinthu chimodzi, chofewa ngati labala, mbaleyo yogawidwa zipinda zitatu, chimodzi chachikulu ndi ziwiri zazing'ono. Mukakakanikiza patebulo losalala kamamatirira, moti mwana akakoka mbaleyo kuti aitaye, siinyamuka. Kwa mwana amene akuphunzira kugwira supuni chimenechi n'chachikulu. Mbale wamba imathawa supuni ikaikankha, mwana amaithamangitsa mpaka kumapeto kwa tebulo, amatopa, n'kuyamba kulira kapena kudikira kuti mumudyetse. Iyi imakhala pomwepo, ndipo khoma lake limathandiza kuti phala likwere pasupuni. Ndi nsima zimayendanso bwino: ndimamuduladulira timbamu m'chipinda chachikulu, nyemba zosinja kapena dzira m'china, masamba kapena nthochi m'chachitatu, ndipo iye amasunsa yekha ndi dzanja monga akuonera ife. Silikoni sachita mantha ndi kutentha, amapirira kupitirira madigiri 200, choncho mutha kukathira madzi owira pokatsuka osaopa kuti kapindika ngati ta pulasitiki tija.

Zimene ogulitsa sakuuzani ndi izi. Kamamatirira pamalo osalala okha, monga tebulo lopaka vanishi, lagalasi kapena lapulasitiki. Pansalu ya patebulo, pathabwa lokhakhala kapena pamkeka sikagwira m'pang'ono pomwe. Ngakhale patebulo losalala, pakakhala kanyenyeswa kamodzi kunsi mpweya umalowa ndipo kumata konse kwatha, ndiye muzipukuta kaye ndi kansalu konyowa musanakaike. Ndiponso ana si opusa. Wanga anatulukira kuti akalowetsa chala pangodya n'kunyamula, kamatuka mosavuta, ndipo kuyambira pamenepo ndimayenera kukhala pafupi naye ngati kale.

Fungo ndilo limandivuta kwambiri. Silikoni amasunga fungo la mafuta. Mukam'patsa mwana usipa kapena bonya masana, phala la m'mawa wotsatira limakhala ndi kafungo ka nsomba pokhapokha mutatsuka ndi madzi otentha kwambiri. Amasunganso fungo la sopo, makamaka wonunkhira uja wotsukira mbale, moti mukalawa chakudya mumamva kuwawa kwa sopo chapansipansi. Ine ndimanyika m'madzi owira othira soda pang'ono, yemwe uja timathira mu therere, kenako n'kukayanika. Matimati ndi kale wothira mu ndiwo amasiya mtundu wachikasu umene sutheratu, choncho musasankhe koyera kapena kapinki wowala. Kamakokanso fumbi ndi titsitsi, ndiye mukakayanika pathandala panja mu October, mumayambanso kutsuka. Ndipo n'kakakulu, m'beseni laling'ono sikalowa bwino. Tsiku limene pampopi pauma, madzi muli kuwerengera ndi kapu, mumakayang'ana kawiri musanakagwiritse ntchito. Pogula tembenuzani muone ngati pali chizindikiro cha kapu ndi foloko, chimene chimasonyeza kuti chinthucho chinapangidwa kuti chizikhudzana ndi chakudya. Musadulirepo nyama ndi mpeni, kakang'ambika pang'ono zakudya zimabisala mumng'alumo.

Komabe phindu lenileni limene ndapeza si kuteteza mlombwa wa bambo anga ayi. Ndi loti ndimaona ndi maso kuchuluka kwa zimene mwana wadya. Kusikelo alangizi a zaumoyo amatiuza mobwerezabwereza kuti mwana wamng'ono azikhala ndi mbale yakeyake, ndipo kuti wa chaka chimodzi kufika ziwiri azidya katatu kapena kanayi patsiku, chakudya chokwana pafupifupi kapu ya mamililita 250 nthawi iliyonse, kuwonjezera pa bere ndi tina totolatola. Amatikumbutsanso za magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Sanena izi pachabe, kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu kuno ku Malawi anali opinimbira. Mwana wa chaka akamadya m'mbale imodzi ndi akuluakulu ake, iye akamamaliza kuumba mbamu yoyamba anzake amakhala atatha ndiwo, ndipo mayi amangoona mbale yoyera n'kuganiza kuti onse akhuta. Zipinda zitatu zija zimandiululira zinthu. Ndikaona chipinda chimodzi chilibe kanthu pomupakulira, ndimadziwa kuti lero ndaperewera gulu lina la chakudya. Ndikaona masamba atsala, ndimadziwa chimene wakana. Kunena zoona, mbale iliyonse yakeyake ya mwana ingachite zomwezi, ngakhale ya pulasitiki ya pamsika wa Limbe. Silikoni amangowonjezera kuti mbaleyo isauluke.

Apongozi anga sagwirizana nazo kwenikweni, ndipo mfundo yawo si yopepuka. Iwo amati mwana wozolowera malire ake patebulo amakula ali womana, ndipo mwambo wa kadyedwe amaphunzirira m'mbale ya onse: kusamba m'manja akulu atayamba, kutema nsima mbali yako osadumphira kwa mnzako, kusayambira nyama, kusatapa ndiwo ngati uli wekha. “Chakudya sichichepa, chimachepa n'chovala,” amatero akamasunthira mlendo mbale. Pa mnyamata wamng'onoyu sindiwamvera, chifukwa msinkhu wake sungapikisane ndi manja a akulu. Koma pa mtsikanayu ndinaona zimene ankanena. Anayamba kunena kuti “pamalo panga” ndi kukankha dzanja la msuweni wake likadutsa mzere wa kamphasa. Bambo ake ndi amene anayamba kudandaula kuti patebulo pakuoneka ngati mapuloti. Ndiye iye tinamuchotsera. Amadya nafe, ndiwo amatapa m'mbale imodzi ndi ine, ndipo akamaliza amatenga kansalu n'kupukuta pamene wadontheza. Ntchito imeneyi amaikonda kuposa mmene ankakondera foloko.

Palinso china chimene kamphasa kalikonse sikangathetse: zambiri zimene mwana wa chaka amataya sizigwera patebulo, zimagwera pansi, pampando ndi pamalaya ake. Pansi pa mpando wake ndimayala chitenje chakale, akamaliza ndimakakutumulira nkhuku za aneba. Lamlungu masana timakonda kudyera pakhonde, pamkeka, ndipo kumeneko silikoni alibe ntchito. Ndimayala thumba la ufa lochapa bwino long'ambidwa pakati, mwana n'kukhala pamwamba pake ndi kambale kake pakati pa miyendo. Kumudzi ku Ntcheu ndimachitanso chimodzimodzi, sindinyamula kamphasa ulendo wonsewo kuti anthu akandiseke.

Ndiye ngati kwanu mumadyera pamkeka masiku onse, ndalama imeneyi muguleni mazira. Ngati mumadyera patebulo losalala ndipo mwana wanu ali pakati pa miyezi isanu ndi itatu ndi zaka ziwiri, kogula n'kamodzi, ka mtundu wakuda pang'ono ngati kabuluu kapena kobiriwira, ndipo muyeze kaye kukula kwa malo amene mwanayo amadyera, chifukwa patimatebulo tomamatira kumipando ya ana tambiri sikakwana. Kathu sikanang'ambike paliponse ngakhale kagwira ntchito tsiku ndi tsiku, ndipo alamu anga amene ali ndi khanda la miyezi inayi akaitanitsa kale.