Mphamvu zoponyera makadi: tibwereke kwa Magic, Hearthstone kapena Duel Masters?

Anzanga amene mukupanga masewera anuanu a makadi muno mu Lusaka, musanajambule chilombo ngakhale chimodzi, ganizani kaye za malipiro a khadi. Popanda lamulo limeneli, amene watola khadi lalikulu poyambirira ndiye wapambana basi.

Magic: The Gathering, yomwe Richard Garfield anapanga n'kutuluka mu 1993, imalipiritsa ndi makadi a land. Ikafika nthawi yako, umaika land imodzi, ndipo land iliyonse imakupatsa mana, mphamvu imene umalipirira makadi ena kuti uwaponye. Pa makadi 60, ambiri amaikamo ma land pafupifupi 24. Mitundu isanu ya mana imakukakamiza kusankha mbali, ndipo izi zimakometsa kumanga mulu. Koma vuto lake ndi lalikulu. Ukatola ma land ochepa, umangoyang'ana zilombo zili m'manja mwako mnzako akukuthira zigoli. Ukatola ochuluka, mana alipo koma chogula palibe. Mwana wa ku Kalingalinga amene wayamba kumene akagonja chonchi kawiri, kachitatu sabwera.

Pokémon, ya mu 1996 ku Japan, nayonso imalola khadi limodzi la Energy pa nthawi, koma umalimata pa Pokémon mmodzi. Akagwetsedwa, mphamvuzo zimapita naye limodzi. Kusankha woti umudyetse n'kokoma, ngakhale mwayi wa katoledwe ulipobe. Yu-Gi-Oh! ilibe mana n'komwe: Normal Summon (kuika chilombo patebulo mwachizolowezi) ndi imodzi pa nthawi, chilombo cha Level 5 kapena 6 chimafuna kuti upereke chilombo chako chimodzi chomwe chili kale patebulo, cha Level 7 kupita m'mwamba ziwiri. Imathamanga kwambiri, ndipo wopanga woyamba kumene sangathe kuiweta msanga.

Hearthstone ya kampani ya Blizzard, yoseweredwa pa kompyuta ndi pa foni, ya mu 2014, inachotseratu mwayi wa katoledwe ka mana. Mana amakwera ndi imodzi nthawi iliyonse mpaka 10. Patebulo mutha kuwerengera ndi zitsekerero za mabotolo, osasindikiza kanthu. Palibe wolira kuti land yamukana. Komanso palibe chosankha, aliyense amakwera makwerero omwewo.

Ine ndili kumbali ya Duel Masters, ya mu 2002. Kumeneko khadi lililonse la m'manja mwako litha kusanduka mana, limodzi pa nthawi. Disney Lorcana, ya mu 2023, inatenga nzeru yofanana nayo: khadi umaliika chafufumimba mu inkwell, malo osungiramo makadi okupatsa mphamvu. Taganizani muli ndi chinjoka chofuna mana 7, inu muli pa mana 2. Muchisunge, kapena muchiike pansi kuti chikupatseni mphamvu lero? Chisankho chimenechi chimabwera nthawi iliyonse, ndipo wogonja amadziwa pamene analakwitsa.

Palinso nkhani ya thumba. Mukapita kukasindikiza ku Kamwala kapena mu Cairo Road, mumalipira pepala lililonse. Mukatsata Magic, makadi pafupifupi awiri pa asanu alionse ndi ma land okhaokha. Mukatsata Duel Masters, khadi lililonse lomwe mwadula ndi sizasi limagwira ntchito ziwiri.

Chenjezo limodzi: makadi onse akakhala mana, anthu amadzaza mulu ndi zimphona zokhazokha. Lorcana inatseka mpata umenewu posiya makadi ena opanda chizindikiro cholowera mu inkwell. Inunso chitani chimodzimodzi pa makadi anu amphamvu kwambiri, kuti wowanyamula ochuluka azisowa choika pansi.