Njerwa zootcha, mabuloko a simenti kapena SSB: timangire chiti?

Munthu akagula puloti n'kuyamba kuwerengera ndalama, funso limafika msanga: ndiumbitse njerwa ndiotche, ndigule mabuloko, kapena ndiyitane anthu a makina opsinja dothi aja, opanga njerwa zosaotcha za SSB? Ambiri timangofunsa mtengo wa njerwa imodzi ndi wa buloko limodzi, basi tasankha. Pamenepo ndi pomwe timaluza, chifukwa chomwe tikulipira ndi khoma lomalizidwa, lopakidwa pulasitala, osati njerwa ili pamulu.

Njerwa zootcha ndi zomwe tinakula nazo. Dothi la pachulu, chikombole, anyamata awiri atatu, uvuni, nkhuni. Njerwa yopsa bwino ndi yolimba ndithu, ukaigogoda ndi inzake imalira ngati chitsulo, ndipo nyumba zakale za mishoni zomwe zidakaima mpaka lero ndi umboni wake. Vuto lili pa uvuni wathu wa m'mudziwu. Moto sufika mofanana: zapafupi ndi makomo a moto zimapsereza n'kupindika, zakunja zimatsala zosapsa, zofuwirira, zoti ukazimiza m'madzi zimayamba kusungunuka. Ndiye pa galimoto yomwe mwalipira, zina zimaphwanyikira m'njira, zina mmisiri amazitaya pambali. Kuonjeza apo, zikombole sizifanana, ndipo oumba ena amachepetsa chikombole dala kuti chiwerengero chikwere. Njerwa zikakhala zosalingana, mmisiri amadzaza mipata ndi simenti yosakaniza, kenaka pulasitala amakhala wochindikala kuti khoma liwongoke. Simenti yomwe mumaganiza kuti mwaipewa imalowera pamenepo. Khoma la njerwa imodzi yogoneka m'litali limadya njerwa zoposa 50 pa sikweya mita, ndipo khoma lakunja la njerwa ziwiri limadya zoposa 100, iliyonse ikufuna matope ake a simenti.

Nkhani ya nkhuni siyozemba. Uvuni umafuna zipika zikuluzikulu, ndipo mitengo yachilengedwe ndi ya mango yatha m'malo ambiri chifukwa cha zimenezi, maenje n'kutsala akusunga madzi ndi udzudzu. Mu 2018 boma, kudzera ku bungwe la National Construction Industry Council, linakhazikitsa malamulo oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma, za mabungwe ndi za malonda. Choncho ngati mukumanga sukulu, chipatala kapena nyumba ya bizinesi, njerwa za mu uvuni ziiwaleni.

Mabuloko a simenti amathamangitsa ntchito. Buloko la mamilimita 400 m'litali ndi 200 m'mwamba limafunika 12 ndi theka pa sikweya mita, ndiye mizere ya matope ndi yochepa, khoma limakwera ukuliona, pulasitala amakhala wopyapyala. La mamilimita 200 m'lifupi limayenera makoma akunja ndi onyamula katundu, la 150 ambiri amamangira nyumba wamba, la 100 ndi logawira zipinda basi.

Koma pa mabuloko ndi pomwe ndinapsa manja. Ndinagula mabuloko kwa munthu wina woumba m'mbali mwa msewu chifukwa mtengo wake unali wotsika kuposa onse. Tsiku lotsitsa, mmisiri wanga anatenga limodzi, n'kukanda pakona ndi chala chachikulu. Mchenga unayoyoka ngati mgaiwa. Anandiyang'ana nati, "Bwana, awa simenti angowanunkhiritsa." Analikweza kufika m'chiuno n'kulisiya, linamwazika zidutswa. Woumba uja ankatambasula thumba limodzi kuti litulutse mabuloko ochuluka, ndipo ankawagulitsa asanakhwime. Simenti siuma ngati matope, imalimba ikamagwirana ndi madzi, n'chifukwa chake buloko limafuna kuthiriridwa kwa masiku osachepera 7, lili pamthunzi kapena lofunditsidwa, ndipo mphamvu yake amayeza pa masiku 28. Buloko loumbidwa Lolemba, kuumikidwa padzuwa, n'kufika pa puloti Lachinayi, ndi mchenga wa dzina lina. Lero ndikamagula ndimafunsa zitatu: thumba limodzi la makilogalamu 50 mumatulutsa angati, mumagwiritsa simenti ya mphamvu ya 32.5 kapena 42.5, ndipo awa anaumbidwa liti. Ndimakondanso opanga ndi makina ogwedeza, osakaniza kwale dasti, kuposa oumba pamanja. Amene mukumanga chachikulu, tengani mabuloko angapo mukayezetse ku labotale, monga ya ku yunivesite ya MUBAS ku Blantyre kapena ku Malawi Bureau of Standards. Ndalama yoyezetsa ndi yochepa poyerekeza ndi khoma long'ambika.

Choipa china cha mabuloko n'chakuti mtengo wake umayenda ndi wa simenti. Tili ndi mafakitale monga Shayona ku Kasungu ndi Portland ku Blantyre, komabe simenti ikasowa kapena kwacha ikagwa, buloko limakwera tsiku lomwelo. Ndipo ndi lolemera, transipoti imaluma ngati puloti ili kutali.

SSB ndi njerwa za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono, kawirikawiri magawo 5 mpaka 10 pa 100 alionse, zopsinjidwa ndi makina, osaotcha. Zina zimakhala zolowana zokha, monga za makina a Hydraform a ku South Africa, moti mizere yambiri imamangidwa popanda matope. Pa zitatuzi ine mtima wanga uli apa. Dothi limachokera pa puloti pomwepo, nthawi zina la m'maenje a fawundeshoni, njerwa zimatuluka zofanana, zosalala, mkati mungathe osapaka pulasitala, ndipo nyumba yake imakhala yozizirira bwino m'mwezi wa Okutobala.

Kungoti SSB sizikhululuka. Dothi liyenera kukhala ndi mchenga wambiri ndi dongo lochepa. Katondo wosakanikira mchenga amachita bwino, makande a kudambo amang'amba njerwa, ndipo dothi la pamwamba lokhala ndi mizu ndi manyowa silifunika n'komwe. Mmisiri wodziwa amayamba wathira dothi m'botolo la madzi, kuligwedeza, kulisiya usiku, m'mawa n'kuona kuti mchenga wakhala pansi wochuluka bwanji ndipo dongo latsala pamwamba lotani. Akangofika n'kuyamba kupsinja osayeza, osasefa, m'bwezeni. Njerwazi zimafunanso kufunditsidwa pulasitiki ndi kuthiriridwa monga mabuloko. Ndipo zimadana ndi madzi okhalitsa: fawundeshoni ikhale ya mabuloko, miyala kapena konkiriti, pakhale DPC (pulasitiki yotchinga chinyezi kuti chisakwere m'khoma), denga litulukire kunja mokwanira. Amisiri ozidziwa ndi ochepa, makina obwereka sapezeka paliponse.

Ndiye kwa womanga m'tauni, pa puloti yaing'ono yopanda pokumba dothi, mabuloko a kwa wopanga wodalirika ndi omwe angamuthandize. Kwa yemwe ali ndi malo, dothi labwino ndi nthawi yoyang'anira, SSB ikuposa zonse. Njerwa zootcha ndimazimvetsa kwa munthu wa kumudzi yemwe akuumba yekha pang'onopang'ono, koma asankhe zopsa, ndipo asamangire matope a dothi m'munsi mwa khoma. Namondwe Freddy mu Malichi 2023 anagwetsa nyumba zambiri kummwera, ndipo chivomerezi cha ku Karonga mu Disembala 2009 chinang'amba makoma ambiri opanda chowamanga pamodzi. Chilichonse mwa zitatuzi chomwe mwasankha, ikani brickforce (waya wolimbitsa khoma) m'mizere ndi ring beam ya konkiriti ndi zitsulo pamwamba pa mazenera, kuzungulira nyumba yonse, denga lisanakwere.