Ndemanga: ulendo wotsogoleredwa m'munda wa mphesa wa Sanssouci ku Potsdam

Ndinalipira ulendo woyenda ndi wotsogolera alendo m'munda wa mphesa wa mfumu ku Sanssouci, mumzinda wa Potsdam ku Germany, ndipo ndalamayo sinapite pachabe. Munthu woyenda yekha amangoona nyumba yachifumu yachikasu pamwamba pa chitunda, pomwe nkhani yeniyeni ili m'makoma amene ali m'munsi mwake.

Wotsogolerayo anafotokoza kuti Mfumu Frederick II, yomwe inkalamulira Prussia, ufumu wakale wa ku Germany, inalamula mu 1744 kuti chitundacho chidulidwe m'magawo 6 okwererana, ndipo nyumba inamangidwa pambuyo pake, kuyambira 1745 mpaka 1747. Makoma ake anapindikira m'kati ndipo anayang'ana kum'mwera kuti azisunga kutentha kwa dzuwa, chifukwa dera limeneli ndi lozizira kwambiri kwa mphesa ndi nkhuyu. Mphesa zimayanga pakhoma poyera, pomwe nkhuyu zimamera m'timapanga 168 totsekedwa ndi zitseko zamagalasi. Chimene mfumuyo inkafuna makamaka ndi zipatso zakudya patebulo, osati vinyo.

Mbali yonena za kukonzanso mundawu ndi imene inandigwira mtima. M'zaka zotsatira makoma onse anakutidwa ndi magalasi, moti maonekedwe oyamba anatayika. Ntchito yomwe inayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, Potsdam ili m'dziko la East Germany, inachotsa magalasi owonjezerawo n'kubwezeretsa timapanga tija. Ine ndikuona kuti anasankha bwino, popeza tsopano maso amatha kusiyanitsa mphesa ndi nkhuyu monga mmene womanga anafunira. UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaika malowa pa mndandanda wa malo ofunika kutetezedwa pa dziko lonse lapansi mu 1990, ndipo mu 1991 mafupa a mfumuyo, yomwe inamwalira mu 1786, anaikidwa pagawo lapamwamba, pamene alendo amasiyapo mbatatesi mpaka lero.

Chodandaula changa chili kwa kampani imene inakonza ulendowu. Gulu linali lalikulu mopitirira muyeso, mawu a wotsogolera sankafika kwa oyenda kumbuyo, ndipo anatikweza masitepe 132 mothamanga osaganizira achikulire. Amene akufuna kupitako afunsiretu kukula kwa gulu asanalipire, ndipo asankhe mwezi wa Ogasiti kapena Seputembala, pamene mphesa zimakhala zili m'mitengo.